Wafika pa Sapitwa, tsopano akufuna kuponda ayezi: ndimutumiza ku Rwenzori

Mchemwali wina wa ku Zomba wanditumizira imelo. Akuti Mulanje waukwera mpaka pa Sapitwa, ndipo tsopano mtima wake uli pa kuponda ayezi weniweni wa pamwamba pa phiri, koma ndalama zopitira ku Ulaya kapena ku Nepal alibe. Akufunsa kuti apite ku Kilimanjaro kapena ku Rwenzori, komanso ngati mphamvu zomwe anakwerera Mulanje zingamukwanire.

Achemwali, ngati chomwe mukufuna ndi kuyenda pa ayezi, pitani ku Rwenzori. Pa Kilimanjaro ayezi mumamuona chapambali, inu mukuyenda pa miyala ndi mchenga. Pa Rwenzori, kumalire a Uganda ndi DR Congo, tsiku lokafika pamwamba amakumangani chingwe m'chiuno, nsapato amazimangirira zitsulo za mano zogwirira pa ayezi, nkukupatsani kankhwangwa m'manja. Nsonga yake, Margherita pa phiri la Stanley, ndi yotalika mamita 5,109, yachitatu mu Africa muno pambuyo pa Kilimanjaro ndi phiri la Kenya. Oyamba kufikapo anali gulu la Duke of Abruzzi wa ku Italy mu 1906.

Musachedwe nawo ulendowu. Nthawi ya Abruzzi mapiri 6 a kumeneko anali ndi ayezi wokhazikika, koma lero wambiri anasungunuka ndipo wotsala wochuluka ali pa Stanley. Nkhaniyi imandipweteka mtima, chifukwa adzukulu athu mwina adzangomva kuti pafupi ndi equator pankakhala ayezi.

Tsopano za mphamvu. Miyendo yomwe inakukwezani pa Sapitwa ndi yabwino, ndipo kukwawa pa miyala ikuluikulu ya kumeneko kudzakuthandizani. Koma Sapitwa ndi mamita 3,002, kutanthauza kuti Margherita ili pamwamba pake ndi mamita opitirira 2,000, ndipo kumtunda kotero mpweya umachepa. Mutu umapweteka, chakudya sichilowa, tulo sitibwera. Matendawa sasankha kuti uyu ndi wothamanga kapena ayi, ndipo mankhwala ake enieni ndi kukwera pang'onopang'ono. Nchifukwa chake ulendo wokafika pamwamba ndi kubwerera umatenga masiku 7 kapena 8. Wina akakuuzani kuti akudulirani masiku kuti mtengo utsike, mukaneni. Ndipo mukayamba kudzandira, kusokonezeka maganizo, kapena kubanika ngakhale mwakhala pansi, uzani wokutsogolerani nthawi yomweyo, mutsike. Anthu amafa chifukwa chochita manyazi kunena.

Chomwe Mulanje sanakuphunzitseni ndi matope. Rwenzori ndi phiri la mvula ndi nkhungu. Pa dambo la Bigo mumadumpha kuchoka pa chitsamba cha udzu kupita pa chinzake, ndipo mukaphonya, mwendo umalowa mpaka m'bondo m'matope akuda, ozizira, ofewa ngati phala. Malo ena anayalapo matabwa, koma si ponseponse. Choncho masiku ambiri mudzayenda mutavala magambutsi, nsapato zolimba zija zili m'chikwama kudikira ayezi. Zovala zogonera ndi masokosi ouma muzikulunge m'mapepala apulasitiki awiriawiri. Koma m'madambo omwewo ndi momwe muli kukongola kwa phirili: mitengo yokutidwa ndi ndere zolendewera, ndi zomera za lobelia zotalika kuposa munthu, zitaima chilili m'nkhungu.

Njira zodziwika zilipo ziwiri, zonse zoyambira m'boma la Kasese ku Uganda: ya Central Circuit yoyambira ku Nyakalengija, ndi ya Kilembe. Malowa ndi Rwenzori Mountains National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1991 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1994. Simungalowemo nokha. Otsogolera ndi onyamula katundu ambiri ndi a mtundu wa Bakonzo, eni ake a mapiriwa. Akanena kuti lero tidzuka usiku kuti tidutse pa ayezi dzuwa lisanamufewetse, dzukani. Akanena kuti nyengo yaipa tibwerere, musakangane nawo. Ndipo ndalama yowathokoza pamapeto muiwerengere mu bajeti kuyambira pano, osati kuwapatsa zotsalira.

Miyezi yabwino ndi Juni mpaka Ogasiti, komanso Disembala mpaka Febuluwale, ngakhale mvula ikhoza kugwa tsiku lililonse. Miyezi ya mvula yambiri ipeweni ndithu: mu Meyi 2013 ndi Meyi 2020 mtsinje wa Nyamwamba unasefukira nkuwononga kwambiri ku Kilembe.

Mukatsika ndege ku Entebbe, ulendo wa pamsewu wokafika ku Kasese umadya pafupifupi tsiku lathunthu, ndiye musakonze zoyamba kukwera tsiku lomwelo. Musananyamuke kabayitseni katemera wa yellow fever ndipo khadi lake liziyenda ndi pasipoti, chifukwa akhoza kulifunsa polowa mu Uganda. Pezaninso inshuwalansi, ndipo muwerenge bwinobwino ngati ikuvomereza kukwera kupitirira mamita 5,000 komanso kugwiritsa ntchito chingwe, poti zambiri zotchipa zimalekezera pansi pa pamenepo.