Funsani Amakaniko: Mabuleki akutentha pamtsetse wa ku Nkhotakota

FUNSO: Ndimayendetsa Hilux yonyamula katundu kuchokera ku Kasungu kupita ku Nkhotakota. Potsetsereka m'nkhalango muja mabuleki amanunkha ngati akupsa, kenaka pedulo imafewa. Ndamva kuti ena amaika mapaipi olowetsa mphepo kumabuleki. Kodi zingandithandize?
Dalaivala, Kasungu

YANKHO: Zimathandiza ndithu bambo, koma musayambire pa paipi. Pedulo ikafewa pamtsetse, kawirikawiri mafuta a mabuleki amakhala atawira. Mafutawa amamwa chinyezi. Mafuta atsopano a mtundu wa DOT 4 sawira asanafike madigiri 230, koma akamwa madzi amatha kuwira pa 155. Akawira mumapangika nthunzi, ndipo nthunzi imangofinyika mukaponda, pedulo n'kumira. Asintheni pa zaka 2 zilizonse. Onaninso ngati mapini a kalipa, chitsulo chopanikiza mapadi pa disiki, akusuntha bwino, chifukwa kalipa ikamata mapadi amakhuza disiki ulendo wonse, ndiye palibe mphepo yomwe ingaziziritse zimenezo.

Tsono za paipi. Disiki yakutsogolo ya Hilux ili ndi mipata mkati. Ikamazungulira imakoka mphepo pakati, pafupi ndi habu, n'kuitulutsira m'mphepete. Ntchito ya paipi ndi kufikitsa mphepo yozizira pakati pomwepo. Ambiri amalakwitsa polozetsa paipi pankhope ya disiki. Mbali imodzi imazizira, inayo ikadali moto, mapeto ake disiki imapindika kapena kung'aluka, chiwongolero n'kumanjenjemera mukaponda mabuleki.

Pezani paipi yopindika ya silikoni yopirira kutentha, ya mainchesi 3 kapena 2.5 ngati malo achepa. Yapulasitiki imasungunuka ikayandikira disiki. Kamwa lake likhale pabampa, loyang'ana kutsogolo, ndipo litchingidwe ndi waya wa sefa. Mbali inayo ikathere pachitsulo chotchinga kuseri kwa disiki: owotcherera aboole pafupi ndi habu, awotchererepo kapaipi kachitsulo, inu mumangirepo ndi kilampu. Paipiyo musaikhotetse kwambiri, mphepo imafooka pokhota paliponse. Mukamaliza kwezani galimoto pajeke, mukhotetse chiwongolero mpaka pothera mbali zonse ziwiri, muone ngati paipiyo sikukhudza tayala, paipi ya mafuta a mabuleki kapena waya wa ABS (chida choletsa matayala kumangika mukaponda mabuleki). Ikani kumanja ndi kumanzere mofanana, apo ayi galimoto izikokera mbali imodzi mabuleki akatentha.

Misewu yafumbi ndiyo imandidetsa nkhawa. Paipi yomweyo imauzira mchenga pa disiki, mapadi n'kutha msanga. Mukamalowa kumidzi kukatenga fodya, kapena nthawi yadzinja kuli matope, tsekani kamwa la paipiyo.

Dziwaninso kuti paipi imadalira liwiro. Galimoto yodzaza ikamatsika pang'onopang'ono, mphepo yolowa imachepa, komanso sifika kumadiramu a mabuleki akumbuyo. Choncho lowani giya 2 mtsetse usanayambe kuti injini izigwira galimoto, pondani mwamphamvu n'kusiya, osangogoneka phazi papedulo. Fungo likayamba imani pamalo abwino, mudikire mphindi 20 kapena kuposerapo. Musathire madzi pa disiki yotentha, imang'aluka.