Mapuloteni a m'madzi a m'mapapo: kodi malume angakane biopsy?

Achemwali, mwafunsa ngati malume anu, omwe madokotala akuwaganizira khansa ya m'mapapo, angakane biopsy (kutenga kachidutswa ka mnofu wa m'mapapo kuti akakayeze) popeza mwawerenga kuti masiku ano khansayi imadziwika poyeza mapuloteni a m'madzi a m'mapapo. Ine ndimagwira ntchito mu labotale kuno ku Johannesburg, ndipo ndikukupemphani kuti muwalimbikitse asakane.

Choyamba, funsani kuti madzi omwe anawatenga ndi ati, chifukwa alipo a mitundu iwiri. Ena amadzikundikira okha pakati pa mapapo ndi nthiti, ndipo amapopedwa ndi singano chakumsana. Ena amathira ndi dokotala mwini: amalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kudzera m'mphuno kapena m'kamwa mpaka m'njira za mpweya, n'kuthiramo madzi amchere, kenako n'kuwayamwanso. Madzi amenewa amatifika m'kabotolo ali ndi thovu pamwamba, otuwa ngati otsukira mpunga, ndipo akakhala a munthu wosuta fodya kawirikawiri amaoneka oderako.

Zomwe mwawerengazo si bodza. Madzi otsukira mapapowa amakhala atadutsa pafupi ndi chotupacho, motero amatenga mapuloteni omwe maselo a khansa amatulutsa, monga CEA ndi CYFRA 21-1. Palinso NSE ndi ProGRP, omwe amakwera makamaka pa khansa ya mtundu wa small cell, yomwe imagwira odwala pafupifupi 15 mwa 100 alionse a khansa ya m'mapapo. Makina a mass spectrometry amatha kuwerenga mapuloteni mazanamazana m'timadzi tochepa, ndipo chiyembekezo cha ofufuza n'chakuti apeze gulu la mapuloteni lomwe lingaulule khansa isanafalikire.

Koma vuto limayambira pa madzi enieniwo. Omwe athiridwa sabwerera onse, ndipo kuchuluka kwa obwererawo kumasiyana pa wodwala aliyense, choncho puloteni imatha kuoneka yochepa kokha chifukwa yasungunuka m'madzi ambiri. Komanso CEA imakwera mwa anthu osuta fodya opanda khansa, ndipo mapapo otupa chifukwa cha chibayo kapena TB amasokoneza zotsatira. Kwa ife kuno ndi kumudzi, kumene TB ili ponseponse, imeneyi si nkhani yaing'ono. N'chifukwa chake madzi a m'nthiti timawayezanso ADA, yomwe ndi puloteninso koma yolozera ku TB, ndipo pali GeneXpert, njira yoyezera TB ndi makina, yomwe South Africa inayamba kugwiritsa ntchito mu 2011. Ngakhale zili choncho, munthu amatha kukhala ndi TB ndi khansa nthawi imodzi, ndipo wodwala amene wamwa mankhwala a TB kwa miyezi iwiri kapena itatu koma akuwondabe ayenera kuyezedwanso.

Ngakhale kufunafuna maselo a khansa m'madzi a m'nthiti kumaiwona mwa odwala pafupifupi 60 okha mwa 100 omwe khansayo yafika kumeneko. Madzi akapezeka oyera, sindiye kuti malume ali bwino.

Biopsy ndiyo imatchula mtundu wa khansa, ndipo pa kachidutswa ka mnofu komweko amayeza EGFR, ALK ndi PD-L1, zomwe zimauza dokotala ngati wodwala angathandizidwe ndi mapiritsi olunjika pa khansayo, mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi, kapena chemotherapy. Nthawi zambiri kachidutswako amakatenga ndi kapaipi komwe kaja, osang'amba chifuwa, ndipo ndikuganiza kuti malume akamva zimenezi mantha awo achepa.

Ngati anagwirapo ntchito m'migodi kapena pomanga nyumba, adokotala auzidwe, chifukwa fumbi la silica ndi la asbestos, yomwe inaletsedwa kuno mu 2008, limayambitsa khansa patapita zaka zambiri. Pa tsiku lokaonana ndi dokotala mupite nawo limodzi, mutatenga zithunzi zakale za X-ray ndi khadi la TB ngati analandirapo mankhwala.