Kodi Timu Ikamagonja, Mphunzitsi Achotsedwe?

Wowerenga wina wanditumizira kalata pa imelo yokhudza mkangano umene wabuka pakati pa masapota a timu yake. Akuti timuyo yapambana kawiri kokha pa masewero 12 oyambirira a ligi, ili pafupi ndi kumchira, ndipo masapota agawanika pawiri. Ena akufuna kuti mphunzitsi achotsedwe msanga zinthu zisanafike poipa, pamene ena akuti apatsidwe nthawi popeza ndi yemweyo amene anaichititsa bwino timuyo sizoni yatha. Funso lake ndi lakuti, pa magulu awiriwa, lolondola ndi liti?

Zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Yankho langa ndi lakuti kugonja pakokha si chifukwa chokwanira chochotsera mphunzitsi, ndipo kuchita bwino kwa chaka chatha si chifukwa chokwanira chomusungira. Mphunzitsi ayenera kuchoka pokhapokha ngati chimene chawonongeka pa timu chili m'manja mwake, komanso ngati pali munthu wodziwika dzina amene angachikonze kuposa iye.

Ndiyambe ndi mfundo imene gulu lofuna kusintha limaidalira kwambiri, yakuti mphunzitsi watsopano akangofika timu imayamba kupambana. Izi zimachitikadi, ndipo kawirikawiri. Leicester City itachotsa Claudio Ranieri mu February 2017, pasanathe n'chaka chomwe chitengereni ligi ya ku England, wachiwiri wake Craig Shakespeare anapambana masewero asanu otsatizana a mu ligi ndipo timu inapulumuka. Manchester United itachotsa José Mourinho mu December 2018, Ole Gunnar Solskjær anapambana masewero 14 pa 19 oyambirira, mpaka akuluakulu a timu anamupatsa kontrakiti yokhazikika mu March 2019. Koma nkhani ziwirizi sizinathere pomwepo. Shakespeare anachotsedwa mu October chaka chomwecho cha 2017, ndipo United, itangomukhazika Solskjær pampando, inayambanso kutaya mapointi n'kumaliza ligi pa nambala 6.

Chimene chimachitika apa n'chosavuta kumvetsa ngakhale kuti ambiri safuna kuchimva. Mphunzitsi sachotsedwa tsiku wamba; amachotsedwa pamene zotsatira zafika poipitsitsa. Tsono zotsatira zoipitsitsa nthawi zambiri zimabwera pamene mavuto angapo akumana pamodzi: osewera odalirika avulala, timu yakumana motsatizana ndi matimu amphamvu, mipira yamenya chitsulo, woyimbira wapereka penate yokayikitsa. Zinthu zoterezi sizikhalitsa. Ovulala amachira, ndandanda ya masewero imafewa, ndipo mpira umene unkamenya chitsulo umayamba kulowa. Zili ngati munthu wachimfine amene wamwa mankhwala tsiku limene chamupana kwambiri: mawa lake akapeza bwino amayamika mankhwalawo, chikhalirecho chimfinecho chinali chitayamba kale kutha chokha. Katswiri wa zachuma Bas ter Weel anafufuza zimenezi mu ligi ya ku Netherlands, poona masizoni a pakati pa 1986 ndi 2004. Anayerekeza matimu amene anachotsa mphunzitsi atagonja motsatizana ndi matimu amene anakumana ndi mavuto ofanana koma osachotsa aliyense, ndipo anapeza kuti magulu onse awiri anayambanso kuchita bwino pa mlingo wosasiyana kwenikweni. Choncho mukaona timu ikupambana masewero atatu pansi pa mphunzitsi watsopano, musafulumire kunena kuti ndi iye wachita zimenezo.

Pali chinanso chimene chimakula kuposa mphunzitsi aliyense, ndicho mphamvu ya osewera amene timu ingakwanitse kugula ndi kulipira. M'maligi akuluakulu, malo amene timu imamalizira amayenderana kwambiri ndi ndalama zimene imalipira osewera ake, makamaka mukaona zaka zingapo pamodzi. Derby County mu sizoni ya 2007-08 inachotsa Billy Davies n'kulemba Paul Jewell, koma Jewell sanapambane sewero ngakhale limodzi la mu ligi sizoni imeneyo, ndipo timu inatuluka ndi mapointi 11 okha. Vuto silinali pa benchi, kutanthauza kwa mphunzitsi. Osewerawo analibe mphamvu zopikisana pa mlingo umenewo. Watford inachotsa aphunzitsi atatu mu sizoni imodzi ya 2019-20, Javi Gracia, Quique Sánchez Flores ndi Nigel Pearson, koma inatulukabe mu ligi. Ndipo mu 2022-23 matimu onse atatu amene anatuluka mu Premier League, Leicester, Leeds ndi Southampton, anali atasintha aphunzitsi sizoni ili m'kati, awiri mwa iwo kangapo.

Mwina a gulu lofuna kudekha akusangalala pofika pano, koma nawonso ali ndi nkhani imene amaigwiritsa ntchito molakwika, ndiyo ya Alex Ferguson. Nthawi zonse mkangano wotere ukabuka, wina amakumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kutchula Ferguson. Zoona zake n'zakuti anafika ku Manchester United mu November 1986, ndipo anatha zaka zoposa zitatu wopanda chikho. Mu September 1989 anagonja 5-1 kwa Manchester City, masapota ena ankafuna kuti achoke, ndipo sizoni imeneyo timu inamaliza pa nambala 13. Mu January 1990 anapambana 1-0 kwawo kwa Nottingham Forest mu FA Cup, chigoli cha Mark Robins, ndipo chikhocho anachitengadi chaka chomwecho. Ligi anaitenga koyamba mu 1993, ndipo pamene ankapuma mu 2013 anali ataitenga ka 13. Koma amene amatchula nkhaniyi amaiwala chifukwa chimene akuluakulu a United anadekhera. Ferguson sanali munthu wongoyeserera. Anali atatenga kale ligi ya ku Scotland katatu ndi Aberdeen, timu imene si Celtic kapena Rangers, matimu awiri aakulu a kumeneko, ndiponso anali atagonjetsa Real Madrid mu fainali ya Cup Winners' Cup mu 1983. Kuwonjezera apo, akuluakuluwo ankaona ndi maso awo ntchito imene ankagwira kuseri, yokonza dongosolo losaka ndi kuphunzitsa achinyamata, limene pambuyo pake linatulutsa Ryan Giggs, Paul Scholes, David Beckham ndi anzawo. Kudekha kwawo kunali ndi pogwira. Aphunzitsi amene anapatsidwa nthawi yochuluka koma osasintha kanthu ndi ambiri zedi, kungoti mayina awo sitiwakumbukira, ndiye satchulidwa pa mikangano ya masapota.

N'zoona kuti matimu amene anapirira n'kupindula alipo ena. Leicester inali kumchira kwa miyezi yambiri mu 2014-15, koma inamusunga Pearson, ndipo inapambana masewero 7 pa 9 otsiriza n'kupulumuka. Southampton inagonja 9-0 pakwawo kwa Leicester mu October 2019, sinamuchotse Ralph Hasenhüttl, ndipo inamaliza pa nambala 11. Burnley inatuluka mu ligi ndi Sean Dyche mu 2015, inabwerera naye mu 2016, ndipo mu 2018 inamaliza pa nambala 7. Komanso alipo matimu amene kusintha kunawapindulira mosakayikitsa, kupitirira pa masewero ochepa oyambirira aja. Aston Villa inachotsa Steven Gerrard mu October 2022 ili pafupi ndi malo otulukira, Unai Emery anaifikitsa pa nambala 7, ndipo chaka chotsatira pa nambala 4. Mwezi womwewo Bayer Leverkusen, ili pa nambala 17 mwa matimu 18, inalemba Xabi Alonso, ndipo mu 2024 inatenga Bundesliga, ligi ya ku Germany, koyamba m'mbiri yake osagonja ngakhale kamodzi. Mukaonetsetsa matimu awiri otsirizawa mupeza kuti anali ndi osewera abwino kuposa malo amene anali pa ligi, ndipo amene anabwera anali ndi kaseweredwe komveka kogwirizana ndi osewerawo. Apa ndiye pagona nkhani yonse.

Ndiye m'malo mowerenga masewero amene timu yanu yagonja, ndikupempheni kuti muone mmene ikugonjera. Timu imene ikupanga mipata yambiri koma osamwetsa, imene ikugonja ndi chigoli chimodzi chakumapeto, kapena imene otseka kumbuyo ake odalirika ali kuchipatala, imeneyo ili ndi vuto limene nthawi ingathe kulichiza, ndipo kuchotsa mphunzitsi kungangosokoneza chimene chikuyenda bwino. Koma timu imene simungathe kufotokoza chimene ikufuna kuchita ikagwira mpira, imene ikuchinyidwa zigoli za mtundu umodzimodzi sabata ndi sabata, pa makona kapena kumbali imodzi yomweyo, imene mphunzitsi wake akusintha osewera asanu pa sewero lililonse ngati akungolotera, imeneyo vuto lake lili pa benchi. Kulakwitsa kobwerezabwereza ndi umboni wakuti mwina sakukukonza pa tireningi, kapena akukukonza koma osewera sakumva, ndipo zonse ziwirizi mlandu wake ndi wa mphunzitsi.

Chizindikiro cholemera kuposa zonse ndi chakuti osewera asiya kumukhulupirira. Ichi chikachitika, ngakhale mphunzitsi akhale waluso chotani, kubwezeretsa zinthu n'kovuta kwambiri, ndipo popeza timu singachotse osewera 25 nthawi imodzi, amene amachoka ndi munthu mmodziyo. Si chilungamo nthawi zonse, koma ndi mmene ntchitoyi ilili. Chelsea mu 2015 ndi chitsanzo chake: Mourinho anatenga ligi mu May, koma pofika December timu inali pa nambala 16 ndi osewera omwewo, ndipo ubale wake ndi iwo unali utasokonekera poyera. Ndichenjezepo pano kuti masapota amafulumira kwambiri kunena kuti osewera amugalukira mphunzitsi. Timu yogonja imaoneka yaulesi ngakhale ikuyesetsa, chifukwa wosewera wamantha amachedwa kuganiza ndipo amaopa kulandira mpira. Yang'anani zooneka ndi maso: kodi akataya mpira akuthamangira kumbuyo, kodi akachinyidwa chigoli choyamba akulimbabe kapena akungogwa ulesi, kodi osewera akuluakulu akumuikira kumbuyo mphunzitsi akamayankhula ndi atolankhani kapena akuzemba funsolo?

Mfundo ya mu kalata yanu yakuti mphunzitsiyu anachita bwino sizoni yatha ndi yofunika, koma m'njira ina. Si ngongole imene timu iyenera kubweza, chifukwa mapointi a chaka chatha sawerengedwa chaka chino. Phindu lake n'lakuti ikutiuza kuti munthuyu ntchito amaidziwa, choncho tiyenera kufunsa chimene chasintha kuchokera nthawi imeneyo. Ngati timu inagulitsa womwetsa zigoli wake ndi wosewera pakati wodalirika osagula owalowa m'malo, amene ayenera kuyankha ndi amene anagulitsawo. Ndipo pano ndinene mosabisa kuti akuluakulu a matimu ambiri amachotsa mphunzitsi pofuna kuti mkwiyo wa masapota uchoke pa iwo. Akatero bwalo limakhala bata kwa mwezi umodzi kapena iwiri, koma anthu amene anagula osewera olakwika amakhala ali pomwepo, ndipo ndi omwewo amene asankhenso mphunzitsi wina. Masapota amene akuimba nyimbo zothamangitsa mphunzitsi nthawi zina amakhala akuthandiza olakwa enieniwo kubisala.

Musaiwalenso kuti kuchotsa munthu kontrakiti yake isanathe kumadya ndalama. Manchester United inalipira mapaundi 19.6 miliyoni kwa Mourinho ndi omuthandiza ake. Timu yolemera ingapirire zimenezo, koma kwa timu yaing'ono ndalama ya chipukuta misozi ndi yomweyo imene ikanagula wosewera mmodzi kapena awiri msika ukatsegulidwa, ndipo mphunzitsi watsopano naye amabwera ndi anthu ake komanso mndandanda wa osewera amene akuwafuna.

Funso limene ndingakonde kuti mukawafunse anzanu ofuna kusintha ndi lakuti, akachoka uyu, abwere ndani? Atchule dzina la munthu amene alipo, amene angavomere kubwera, amene timu ingakwanitse kumulipira, ndiponso amene kaseweredwe kake kakugwirizana ndi osewera amene alipo, pakuti sizoni ili m'kati sangawasinthe onse. Chelsea itachotsa Frank Lampard mu January 2021, Thomas Tuchel anali atayamba ntchito tsiku lotsatira, ndipo mu May anatenga Champions League. Leeds itachotsa Jesse Marsch mu February 2023 inatha masabata awiri ikusakasaka, inalemba Gracia, inamuchotsanso, n'kuitana Sam Allardyce kutangotsala masewero anayi, nthawi imene palibe akanachitapo kanthu.

Pa timu yanuyi, masewero 12 ndi okwanira kudandaula koma ndi ochepa kuti munthu aweruze poona mapointi okha. Ndikanakhala mmodzi wa akuluakulu ake, ndikanaona masewero anayi kapena asanu akubwerawa, makamaka okumana ndi matimu amene ali nayo limodzi kumunsi, chifukwa amenewo ndiwo amasonyeza ngati timu ili yofooka kapena inangokumana ndi ndandanda yovuta. Pa nthawi yomweyo ndikanayamba kukambirana mwakachetechete ndi amene angalowe m'malo. Ngati m'masewero amenewo kaseweredwe kakuoneka ndipo osewera akulimbikira, mphunzitsi akhale ndipo ndalamazo zigule osewera. Ngati zigoli zikulowabe monga kale ndipo anyamata akutaya mtima akangochinyidwa koyamba, achoke msika wa osewera usanatsegulidwe, kuti wobwerayo apeze mpata wosankha yekha amene akuwafuna.