Asisi, funsani kaye ngati mtengowo ndi wa kwacha kapena wa dola

Asisi, ndangoona zoti mukufuna kukagona kuhotelo ya kunyanja pa Khirisimasi, mtima wanga wangoti myuu, mpaka ndasiya mbale zili m'madzi. Ine zinandionekera mu Disembala 2023. Dzina la hoteloyo sinditchula, a admin angandithamangitse, koma ndi imodzi mwa zapamwamba zija za mbali ya Mangochi, zokhala ndi dziwe losambiramo pafupi penipeni ndi nyanja, ngati kuti madzi a m'nyanjamo ndi osakwana.

Tinasungitsa malo mu Okutobala. Ine, bambo a kunyumba, ana awiri ndi apongozi anga aakazi. Mayiwa anabadwira ku Bembeke, akalambira ku Bembeke, nyanja ankangoionera patali potsika Khwekhwerere kupita kumaliro ku Mtakataka. Ndiye tinati chaka chino akaponde mchenga. Pafoni mtsikana wa kuhoteloko anatiuza bwinobwino kuti chipinda ndi 150 dola usiku umodzi, m'kwacha K177,000. Zipinda ziwiri, masiku awiri, K708,000. Tinatumiza theka, K354,000, iye n'kutiyankha pa WhatsApp kuti zikomo talandira. Basi. Opanda risiti, opanda kalata. Ine n'kumadziona ngati munthu wochenjera wosungitsa malo msanga.

Pa 9 Novembala kwacha ija inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha pa K1,180 kufika K1,700. Mukukumbuka momwe shuga ndi mafuta ophikira zinadumphira sabata imeneyo. Ndinaimba foni dala kufunsa ngati zathu zasintha. Yankho linali lakuti "musadandaule madamu, inu munabukitsa kale." Mawu amenewo ndikanawajambula.

Ulendo wokha unali bwino, sindinama. Tinakhotera pa Masasa, kutsika Khwekhwerere apongozi atagwira mpando ndi manja awiri akutchula oyera onse a ku Katolika, kufika pa Golomoti majuzi onse tavula. Ife a ku Dedza kutentha kwa kuchigwa sitikutha, munthu umangoti wefuwefu ngati nkhuku ya chitopa. Pofika anatilandira ndi timatawulo tozizira ndi juwisi m'matambula aatali. Apongozi kathawuloko anakapinda n'kukaika m'chikwama, amvekere ndi mphatso.

Usiku woyamba magetsi anazima cha m'ma 9. Jenereta inalira ndithu, koma inkayatsa kumalo omwera ndi zipinda za kutsogolo zoyang'ana kunyanja. Ife a kuseri, pafupi ndi kochapira zovala, eyakoni zii, feni zii. Kutsegula windo udzudzu, kutseka windo ng'anjo. Neti ya pabedi la ana inali ndi chibowo choti nkhonya n'kulowa, ndinachita kumanga ndi labala ya kumutu. Chambo chomwe tinkachilota anati palibe, nyanja ndi yotseka kuyambira Novembala kuti nsomba ziswane. Chabwino, zimenezo n'zoona, sindikutsutsa. Koma tebulo la azungu pafupi nafe chambo chinafika chathunthu, mutu ndi mchira, chili ndi mandimu pambali. Nditafunsa, akuti iwowo anaitanitsa m'mawa. Zonsezo ndinapirira, ndinati tabwera kudzasangalala.

Tsiku lonyamuka ndiye linandivula. Ana ali kale m'galimoto, zikwama zili m'buti, ine ndapita pa resepishoni ndi K600,000 yanga, ndikudziwa kuti K354,000 ndi ya zipinda, yotsalayo zakudya ndi mafuta obwererera. Mnyamata uja anasindikiza pepala n'kulitembenuzira kwa ine ndi chala chimodzi. K1,089,500. Ndinayamba ndaseka, ndimaganiza kuti andipatsa bilu ya azungu aja. Ndinamuuza kuti achimwene, mwasokoneza zipinda. Iye osaseka.

Anandiwerengera motere. Zipinda ndi 600 dola, pa mtengo wa lero K1,020,000. Dipoziti yanu tachotsa, yatsala K666,000. Ndiye kuti theka lomwe ndinalipira mu Okutobala silinalinso theka, analisandutsa 208 dola. Pamwamba pake VAT ya 16.5 peresenti ndi 1 peresenti ya zokopa alendo, zomwe mtsikana wa pafoni sanazitchule n'kamodzi komwe, K178,500. Kenako zakudya K245,000, muli timabotolo ta madzi ta m'firiji ya kuchipinda tomwe ana ankamwa usiku wotentha uja poganiza kuti n'taulere, muli ndi kathawulo ka apongozi kaja. Inde, anakalemba.

Miyendo inachita dzanzi. Ndinaitanitsa manejala. Anatisiya chiimire pafupifupi ola lathunthu, anthu akudutsa ndi zovala zosambira, akutiyang'ana. Atatulukira, bambo wa mimba yake, tayi pakhosi kutentha konse kuja, anayamba kundilankhula Chingerezi. Ine ndikuyankha Chichewa, iye Chingerezi, pomwe ndinamumva ndi makutu angawa akukalipira woperekera zakudya m'Chichewa chakumudzi chenicheni. Ndinamuonetsa meseji ya pa WhatsApp, anati imeneyo si invoisi. Ndinati mtsikana wanu anati tisadandaule, anati mtsikanayo anasiya ntchito. Kenako, asisi, anatembenuka n'kukodola mlonda. Mlonda anapita kukatsitsa chitsulo cha pageti n'kuima kutsogolo kwa galimoto yathu, ana anga ali momwemo akuona. Wamng'onoyo anatsitsa galasi n'kufunsa mokweza kuti amama, atimanga? Mpaka lero mawu amenewo amandilasa.

Bambo a kunyumba ndiye musawafunse. Munthu amene kunyumba amabangula chifukwa cha mchere wochepa m'ndiwo, pamenepo anangoti manja m'thumba, akuyang'ana chithunzi cha mbuna pakhoma ngati akufuna kuchigula. Amvekere "tangolipirani amayi, tisachite manyazi." Tilipire ndi chiyani? Khadi la kubanki linali ndi ndalama zosakwana, netiweki ikudukaduka, Airtel Money yanga munali ya mayunitsi basi. Ndinaimbira tcheya wa banki mkhonde yathu, ali kumunda akupalira, foni ikungoitana.

Ndiye apongozi anatsika m'galimoto. Pang'onopang'ono, ndi nsapato zawo za pulasitiki, anafika pa kauntala ya magalasi ija, n'kumasula chitenje chamkati. Mfundo itatu. Anatulutsa mpukutu wa ndalama za kachewere yemwe anagulitsa pa Lizulu, zomwe ankasungira feteleza wobereketsa. Anayamba kuwerenga ma K2,000 ndi ma K5,000 akunyowetsa chala ndi malovu, kuika imodziimodzi pamaso pa manejala uja, osathamanga. K310,000. Atamaliza anatulutsa kathawulo kaja m'chikwama, kali kopindidwa bwinobwino, n'kukaika pamwamba pa ndalamazo. Anangoti, "Mwana wanga, kansalu kako aka, sindinakagwiritse." Bambo uja Chichewa chinabwerera pompo, amvekere pepani agogo. Ine misozi ili chuchuchu, sindikudziwa ngati unali mkwiyo kapena manyazi. Yotsalayo tcheya anatumiza masana, ya chiwongoladzanja, ndinaibweza mpaka Epulo. Chimanga cha apongozi chaka chimenecho chinalandira feteleza mochedwa, ndipo sananditchulirepo ngakhale tsiku limodzi, zomwe zimandipweteka kuposa akanandinena.

Chimene chimandinyansa si ndalama zokha ayi. Kwacha inagwera tonse, iwonso amagula zinthu zodula, ndikumvetsa. Koma anali ndi nambala yanga masabata asanu ndi limodzi. Kulephera kutumiza meseji imodzi yoti mayi, zinthu zasintha, mubwerabe? Anadikira tidye, tigone, tinyamule zikwama, kuti atigwire pakhosi tilibe kothawira. Ndipo ife eni dziko ndi amene amatitsekera geti. Sindikukhulupirira kuti mzungu angamuimikire mlonda kutsogolo kwa galimoto.

Ndiye inu ngati mukupita, auzeni akutumizireni invoisi yolembedwa m'kwacha, yonena kuti misonkho ili momwemo, ndi dzina la amene walemba. Lipirani zonse mukadali kuno, musasiye theka. Kapenanso musalipire kalikonse mpaka mutaona chipindacho ndi maso, chifukwa dipoziti ndi yomwe inatimanga ife, sindikudziwa, inu muona. Funsani ngati jenereta imafika chipinda chanucho. Apempheni chithunzi cha gombe chojambula sabata yomweyo, chifukwa mu 2024 nyanja inakwera kwambiri, malo ambiri ku Mangochi ndi ku Salima mchenga unamira, ena madzi analowa mpaka m'zipinda, koma zithunzi za pa Facebook zinali zakale zomwe zija. Madzi akumwa gulani pa Golomoti kapena pa Monkey Bay, firiji ya kuchipinda ana asaiyandikire. Tengani neti yanu. Mukabwerako, mwana akangotentha thupi thamangani mukayezetse malungo, ana a kuno kozizira sachedwa kugwa nawo, ndipo ngati anasambira m'nyanja kafunseni kuchipatala za mankhwala a likodzo.

Apongozi musawatenge, zoterezi zisamachitike pamaso pawo. Ngakhale pakanapanda iwo bwenzi mwina tikutsuka mbale kumeneko mpaka lero. Ndipo musamve ngati ndikukuletsani, pitani ndithu, ana amakula msanga. M'mawa wa tsiku lachiwiri ndinadzuka 5 koloko chifukwa cha kutentha, ndinapeza mayi aja ali okha m'mphepete mwa madzi, akweza chitenje mpaka m'mawondo, akuonerera asodzi akubwera ndi mabwato a usipa dzuwa likutuluka. Anandiona n'kunena kuti madziwa ndi ofunda ngati a m'bafa. Chaka chino akufunsanso kuti tipita liti, akuti ulendo uno ndalama asunga okha.