Njinga yakale ya aluminiyamu ikundigwedeza: ndichite chiyani?

Funso: Ndinagula mountain bike (njinga ya m'mapiri) yakaunjika ya felemu ya aluminiyamu, yopangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ndaikonzetsa yonse ndipo pamtunda ikukwera mopepuka, koma pamsewu wafumbi ikundigwedeza mpaka manja kuchita dzanzi. Kodi ndiikemo foloko ya masipuling'i? Ndaonanso kamzere kakuda pamalo owotcherera, m'munsi mwa chishalo.

Yankho: Kugwedezako si chilema, bambo, ndi mmene njingazi anazipangira. Aluminiyamu amalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa chitsulo, koma amawetanso mosavuta pa mlingo womwewo. Pofuna kuthana ndi zimenezi, Gary Klein, amene ankapanga njinga zake ku Chehalis m'chigawo cha Washington ku America, pamodzi ndi kampani ya Cannondale, yomwe inatulutsa mountain bike yake yoyamba mu 1984, anasankha mapaipi onenepa koma a khungu lopyapyala. Mukagogoda paipi yotere ndi chikhadabo imalira ngati chitini. Felemu yake siweta mukaponda pedulo, n'chifukwa chake mphamvu yanu yonse ikufika kutayala lakumbuyo. Koma pa chifukwa chomwechonso, kamwala kalikonse kakukupezani m'manja.

Foloko yamakono ine sindingakulangizeni. Mafelemu a nthawi imeneyo anawayezera foloko yaifupi, ndipo mukaikamo yaitali kutsogolo kumanyamuka, chiwongolero chimayamba kulemera pokhota, komanso khosi la felemu limasenza katundu amene silinakonzedwere. Yambani ndi matayala: gulani a mainchesi 26 onenepa, a mainchesi 2.1 m'lifupi ngati akulowa osakhula felemu, ndipo musawapope mpaka kuuma gwa monga achitira akabaza onyamula matumba. Tayala lizibonyeka pang'ono mukalidina ndi chala chachikulu. Zogwirira za labala wofewa zimathandizanso.

Kamzere kaja ndiye kakundidetsa nkhawa kuposa zonse. Aluminiyamu amatopa akagwedezeka kwa zaka zambiri, ndipo ming'alu imayambira m'mphepete mwa malo owotcherera. Tsukani malowo, muwalitse ndi tochi, ndipo mulembe chizindikiro kumapeto onse awiri a mzerewo. Ngati ndi penti yokha imene yakandika, mzerewo sukula. Ngati chikhadabo chikukodwamo kapena mzerewo wadutsa chizindikiro, musaikwerenso njingayo.

Musathamangire nayo kwa owotcherera mageti ndi mawindo. Mafelemu ambiri otere ndi a aluminiyamu wa mtundu wa 6061, amene amafooka pamalo powotcherera, ndipo amafunika kumutenthetsanso mu uvuni wapadera kuti abwerere mphamvu zake. Kawirikawiri mng'alu wa pamenepo umabwera chifukwa chokweza chishalo mopitirira, choncho zulani paipi yachishalo muone ngati mzere wa malire, umene opanga analemba pamenepo, unali mkati mwa felemu. Poibwezera muipake girizi, chifukwa ikagwirana ndi felemu kuizula kwake ndi nkhondo.