Wilo la kumbuyo likuvina, tayala likudyeka mbali imodzi: kodi ndigule limu yatsopano?

Funso la lero lafika pa imelo kuchokera kwa bambo wina amene ali ndi njinga yamoto ya 125 cc, ya mawilo a masipoko. Akuti tayala la kumbuyo linatha msanga, ndipo linatha modabwitsa: pena mano alipo, pena pasalala ngati chikhatho. Anagula lina. Miyezi inayi isanakwane, nalonso layamba zomwezo, komanso likudyeka kwambiri chakumanja. Ataimika njinga pa sitandi yapakati n'kuzungulitsa wilo, aona kuti likuvina. Makaniko wina wawauza kuti anagula tayala lachinyengo, wina akuti agule limu yatsopano. Ndiye akufunsa kuti amvere ndani.

Achimwene, musatulutse kaye ndalama. Mwa amakaniko awiriwo, palibe amene mwati anayeza wilolo, ndipo vuto ngati ili silidziwika ndi maso okha. Matayala awiri otsatizana akadyeka mofanana, ine sindithamangira kuloza chala tayala. Likungoonetsa zimene njinga ikulichita.

Chimene ndikufuna mugwire n'chakuti mwafotokoza matenda awiri, ngakhale akuonekera pa tayala limodzi. Zigamba zosalala zimene zikubwera apa ndi apo mukamazungulitsa wilo zikutanthauza kuti mbali ina ya tayala ikumenya msewu mwamphamvu kuposa inzake. Koma kudyeka kwa mbali yakumanja, kozungulira tayala lonse, kuli ndi gwero lina. Mutha kugula limu yatsopano, zigamba n'kutha, koma kumanja n'kumadyekabe.

Tiyambe ndi kuvinako. Mabuku okonzera njinga amakutchula kuti runout, ndipo kuli mitundu iwiri. Wilo litha kupita uku ndi uku, kumanzere ndi kumanja, ngati mbale yopindika. Lithanso kukwera ndi kutsika ngati dzira likugubuduka. Kumene kumadya tayala m'zigamba kwenikweni ndi kwachiwiriku. Taganizani: tayala la 3.00-18 likazungulira kamodzi limayenda mtunda wochepera pang'ono mamita 2. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, limazungulira maulendo 8 kapena 9 pa sekondi iliyonse. Ngati pali pamalo potukuka, pamenepo pakumenya phula maulendo oposa 500 pa mphindi imodzi, tsiku ndi tsiku. Mphira sungapirire zimenezo.

Musanayeze limu, gwirani wilo pamwamba ndi pansi, njinga ili pa sitandi, muligwedezere m'mbali mwamphamvu. Siliyenera kumveka gwedegwede ngakhale pang'ono. Likagwedera, penyetsetsani pamene pakusuntha. Ngati ndi pakati pa wilo, pa ekiselo, ma bearing atha. Ngati wilo likusuntha pamodzi ndi swingarm yonse, chitsulo chija cha mikono iwiri chogwira wilo la kumbuyo, zatha ndi ma bush a pamene swingarm imalumikizana ndi fulemu. Zonsezi zimachititsa wilo labwinobwino kuoneka ngati lapindika, ndipo kuyeza limu izi zisanakonzedwe n'kutaya nthawi.

Kenako yang'anani tayala lenilenilo. M'mbali mwake, pafupi ndi mlomo wa limu, pali kamzere kakang'ono kozungulira tayala lonse. Opanga anakaika dala. Kamzereko kayenera kutalikirana ndi limu mofanana ponseponse, mbali zonse ziwiri. Mukaona kuti penapake kamira m'kati mwa limu, tayala silinakhale bwino poliika, ndipo lidzadumpha ngakhale limu ili yowongoka ngati yatsopano. Ndinachionapo ichi pa njinga yanga. Ndinasinthitsa tayala madzulo mothamanga, m'mawa mwake njinga ikundidumphitsa pampando. Nditagwada n'kuzungulitsa wilo pang'onopang'ono, ndinapeza kamzere kaja kasowa pa malo otalika ngati chikhatho changa, pafupi ndi valavu, pamene chubu chinapanika. Kukonza kwake n'kosavuta: kutulutsa mpweya wonse, kukankhira valavu m'kati pang'ono, kupaka madzi a sopo m'mlomo mwa tayala, n'kupopanso mpaka likhale m'malo mwake. Osapaka oyilo kapena girisi, amawononga mphira ndipo tayala limaterereka pa limu. Osapitiriranso 40 psi pofuna kulikakamiza. Likakana, tulutsani mpweya muyambirenso.

Izi zikakhala bwino, ndiye mwafika pa limu. Chipangizo choyenera ndi dial gauge, koma kawaya kolimba ndi choko zimakuuzani zambiri. Mangirirani wayayo ku swingarm kuti asasunthe, nsonga yake iyandikire m'mbali mwa limu, osati pa tayala. Zungulitsani wilo pang'onopang'ono ndi dzanja. Mudzaona kampata kakutseguka, kakutsekeka, kenako waya akhudza chitsulo n'kulira kwee. Pamenepo lembani ndi choko. Sunthani wayayo mpaka azingokhudza pamalo pamene mwalembapo, kenako pezani pamene mpata wakula kwambiri, muuyeze. Nambala imeneyo ndiyo kuvina kwa m'mbali. Pofuna kuyeza kukwera ndi kutsika, lozetsani waya pamphepete penipeni pa mlomo wa limu, chapamwamba pake. Zimayezeka bwino koposa tayala litachotsedwa. Pa limu yachitsulo pali pamene anawotcherera nsonga ziwiri, ndipo waya amadumpha pang'ono akafika pamenepo. Zimenezo zisakuopseni.

Mabuku ambiri a njinga za masipoko, kuphatikizapo a Honda, amaika malire pa mamilimita 2.0, m'mbali ngakhalenso m'mwamba. Diso limakokomeza: wilo lovina ndi milimita imodzi limaoneka ngati likufuna kuguluka, pamene lili m'malire. N'chifukwa chake ndikulimbikira kuti muyeze.

Mukapeza kuti yapitirira, ubwino wa wilo la masipoko ndi woti limawongoleka. Tengani sipanala yaing'ono, mumenye sipoko iliyonse pang'ono, imodzi ndi imodzi, mukumvetsera. Yomangika bwino imalira ngwee, yokhwepa imangoti phu, ngati mwamenya mtengo. Kawirikawiri mupeza kuti zokhwepazo zili pafupi ndi choko chija, kapena sipoko ina inaduka kalekale osaidziwa. Wilo la kumbuyo ndi limene limavutika kwambiri ndi izi, poti ndilo limasenza wokwera, katundu ndi mphamvu ya injini.

Kuwongola kumafuna mtima wodekha. Masipoko ena amapita kumanzere kwa habu, chitsulo cha pakati pa wilo, ena kumanja. Ngati pamalo pena limu yapendekera kumanzere, mumamasula pang'ono masipoko opita kumanzere pamalopo, n'kumanga opita kumanja, atatu kapena anayi oyandikana, osati imodzi yokha. Mupotoze kota ya mzungulo basi, muzungulitse wilo, muonenso. Pamene limu yatukukira kunja, mumamanga a mbali zonse ziwiri mofanana. Anthu ambiri amawononga wilo chifukwa cha phuma: amamanga sipoko imodzi mpaka kuuma, kupindika kuja n'kungosamukira pena. Ndipo ntchito yaikulu ichitike tayala ndi chubu zitachotsedwa, chifukwa nsonga ya sipoko yomangidwa kwambiri imatulukira m'kati n'kuboola chubu. Imafunika kuipala, n'kubwezeretsa lamba wa mphira wophimba mitu ya masipoko. Ngati simunachitepo, pezani munthu amene amaluka mawilo, muimirire pambali muone.

Limu yatsopano mugule pokhapokha ngati ili ndi mng'alu, ngati dzimbiri ladya mabowo a masipoko, kapena ngati inaphwanyika pa dzenje mpaka kukhala ndi malo ophwatalala amene masipoko sangawakoke. Kwa anzathu a mawilo a aluminiyamu opanda masipoko, nkhani ndi yaifupi: palibe chomanga, malire ake amakhala ochepa kuposa apa pa njinga zina, ndipo wilo long'aluka si lowotcherera n'kukweranso.

Wilo likapezeka kuti lili m'malire koma zigamba zilipo, ganizirani mashokabu otha, amene amalola wilo kudumphadumpha pamsewu, kapena buleki ya kumbuyo imene imagwira mwadzidzidzi n'kukhukhuza tayala pamalo amodzi. Mpweya wochepa umawonjezera zonsezi. Muziyeza mpweya tayala lili lozizira, motsatira manambala olembedwa pa kapepala ka pa swingarm kapena pa chophimba tcheni, osati nambala ya pa tayala, imene imanena za mpweya wofunika likasenza katundu wolemera kwambiri amene lingathe.

Tsopano za kumanja kuja. Misewu imamangidwa yokwera pakati kuti madzi a mvula atsikire m'mbali. Kumene galimoto zimayenda kumanzere kwa msewu, njinga yoima chilili imaponda ndi mbali yakumanja ya tayala pang'ono, komanso makona okhotera kumanja amakhala aatali. Choncho kudyeka pang'ono kumanja n'kwachibadwa. Kumayiko oyenda kumanja, imadyeka ndi mbali yakumanzere. Koma ngati kusiyana kwake kukuoneka muli chiimire patali, pa tayala la miyezi inayi, ine ndikuganiza kuti wilo linakhala mokhota pokoka tcheni. Izi zimachitika kwambiri. Munthu amamanga nati ya mbali ya tcheni, inayo n'kuiiwala, wilo n'kumayenda chammbali ngati nkhanu.

Timizere ta pa swingarm timathandiza, koma sindimatikhulupirira kotheratu, makamaka pa njinga imene yayenda kale. Tengani tepi, muyeze kuchokera pakati pa bawuti ya swingarm kufika pakati pa ekiselo, kumanzere ndi kumanja. Manambala afanane. Njira ina ndi ya ulusi: uzungulitseni kuseri kwa tayala la kumbuyo chapansi, muukokere kutsogolo mbali zonse ziwiri mpaka ungokhudza m'mphepete mwa tayalalo, handulo ili yowongoka. Mpata wa pakati pa ulusi ndi tayala la kutsogolo ukhale wofanana uku ndi uku. Tcheni nacho chimaulula: mano a sipuloketi akawala mbali imodzi yokha, wilo lakhota. Mukakhala kuti mwachotsa wilo, gubuduzani ekiselo pa galasi. Yopindika imavina, ndipo malire ake m'mabuku ambiri ndi mamilimita 0.2 okha. Ekiselo sizungulira, choncho sichititsa wilo kuvina, koma imalipendeketsa. Onaninso kuti mashokabu awiriwo aikidwa pa sitepe imodzi.

Za tayala lachinyengo sindikuzikana kotheratu. Ngati limu yayezeka bwino, kamzere kali m'malo, koma waya mukamulozetsa pakati pa mano wilo likukwerabe ndi kutsika, ndiye kuti tayalalo ndi lolakwika. Onaninso manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT m'mbali mwa tayala: 2322 akutanthauza kuti linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2022. Tayala limene linakhalitsa m'sitolo limauma mphira.

Tayala limene lilipo panopa silichira. Mukakonza wilo, kudyekako kuchepa, koma zigamba zikhalabe. Pezani kachizindikiro ka TWI kapena kakatatu kakang'ono m'mbali mwa tayala. Kakulozerani timapiri ta m'kati mwa mizere ya mano. Ngati pa chigamba chilichonse mano afanana ndi timapirito, kapena ulusi wa m'kati wayamba kuoneka, lichotseni, ndipo musanyamulepo munthu ngakhale ulendo waufupi, makamaka kukagwa mvula. Latsopano likwere pa wilo loyezedwa kale, ndipo mukayenda masiku angapo mumenyenso masipoko aja, chifukwa amene angomangidwa kumene amakhwepanso.

Mukayeza, mundilembere manambala anayi: kuvina kwa m'mbali, kwa m'mwamba, ndi miyeso iwiri ya pa swingarm. Munditumizirenso chithunzi cha tayala, chojambulidwa kuchokera kumbuyo kwa njinga, choko chija chikuoneka.