Mayi wa ku Zomba wafunsa za Cape Town, nde ndayankha motalika ndithu

Imelo iyi inafika Lachiwiri usiku ndipo ndaiwerenga mwina kasanu. Alemba ndi aphunzitsi ena a ku Zomba, akuti akhala akuponya ku banki mkhonde zaka zitatu, ndalama zakwana, akufuna akakhale sabata imodzi ku Cape Town, akaone phiri la Table Mountain, minda ya mphesa, akalaweko zakudya zakumeneko. Koma abale akuwanena kuti kupita ku Joni osakagwira ntchito, osakaoda katundu, kungokayang'ana nyanja basi, ndi kumwaza ndalama. Komanso iwo vinyo samwa. Nde akufunsa kuti, kodi ulendo ngati umenewu ndi wa anthu ngati ine?

Achemwali, funso lomalizalo ndi lomwe landisowetsa tulo.

Ine mumzinda umenewo ndinakhalamo zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinapita pa basi ngati wina aliyense, kudutsa pa Mwanza, Zobue, mlatho wa pa Tete, Nyamapanda, kenako mzere uja wa pa Beitbridge umene umaima mpaka miyendo kutupa, kufika pa Park Station ku Johannesburg nkukweranso ina ya makilomita pafupifupi 1,400 kudutsa m'chipululu cha Karoo, koti umayenda maola osaona ngakhale mbuzi. Ndinafikira kwa msuweni wanga ku Imizamo Yethu, ku Hout Bay, m'kachisakasa ka malata komwe timagonamo anthu anayi. Ukatuluka panja m'mawa kukasukusula umaona nyanja pansipo, maboti a asodzi, nyumba zikuluzikulu za mbali inayo ya chigwa, ndi mapiri mbali zonse. Kukongola kwake sindinama, kunkandiwawa mumtima, chifukwa ndinkakuona ngati mmene umaonera nsima ya eni ake uli ndi njala.

Ntchito yanga yoyamba inali yotsuka mbale mu lesitilanti ina yoyang'ana kunyanja. Alendo ankalipira ndalama zambiri kuti akhale pakhonde dzuwa likamalowa m'madzi, koma komwe ndinkaima ine kunalibe ndi windo lomwe, kunali mababu awiri ndi nthunzi. Matambula a vinyo sitinkangotsuka ayi, umayenera kuligwira pamwendo wake, kulizondotsa pamwamba pa madzi otentha kuti lichite nthunzi mkati, kenako kulipukuta ndi kansalu kouma mozungulitsa pang'onopang'ono osalifinya, chifukwa likangothyoka akudula pa malipiro, ukatero uliunike pa babu kuona ngati patsala chala. Usiku umodzi ndinkapukuta ochuluka moti ndikagona dzanja limapitirizabe kuzungulira lokha. Patatha zaka ziwiri anandikweza kukhala woperekera zakudya, ndinaloweza maina onse, ndinkatha kuuza mlendo kuti nsomba iyi imayenda bwino ndi vinyo wa Chenin blanc, nyama iyi mutenge Pinotage, ndinkadziwanso kufotokoza kuti Pinotage ndi mphesa ya komweko imene Abraham Perold anaipanga ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa Pinot noir ndi Cinsaut, alendo nkumagwedeza mitu kusangalala. Koma chakudya cha pa menyu imene ndinkanyamulayo ndinali ndisanadyeko ngakhale mbale imodzi. Ife timadya zathu kuseri, choimirira. Tsiku lina nditapuma ndinadutsa pakhonde paja nditavala zanga, bwana wina anandikokera pambali nkundiuza kuti antchito asamaoneke kutsogolo kuno ngati sali pa ntchito. Sindinayankhe. Mwezi ukatha ndalama inkapita kumudzi, fizi ya mlongo wanga, feteleza, malata, ndipo sindidandaula nazo zimenezo, koma zaka zinayi zinatha ndikuliona phiri la Table Mountain tsiku lililonse pawindo la minibasi osalikwera.

Nde tsiku lina masana pa tebulo langa panakhala mayi wina wachikulire, yekha, atavala bwino, chitenje atachipinda paphewa chifukwa cha mphepo. Ndinawalonjera m'Chingerezi, iwo anandiyang'ana kaye, anayang'ana dzina pa baji, nkunena kuti, "Mwana wanga, kwanu nkuti?" Mwendo unachita ngati wazizira. Anali a ku Blantyre, anapuma ntchito ya unamwino, anabwera kudzangoona malo. Kudzangoona basi! Anandifunsa kuti pa zakudya zonsezi iwe umakonda chiti, ndipo ine amene ndinkalankhula ngati wailesi kwa azungu ndinasowa chonena. Anazindikira, sanafunsenso. Anaitanitsa nsomba ndi juwisi wa mphesa, anadya mosathamanga akuyang'ana nyanja, ndipo ine ndikuyenda uku ndi uku ndinkangowaba ndi diso, ndinali ndisanaonepo munthu wakwathu atakhala mbali imeneyo ya tebulo. Lolemba lotsatira, tsiku langa lopuma, ndinapita ndi mnzanga kukakwera phiri lija wapansi kudzera njira ya Platteklip Gorge, poti imeneyo salipiritsa, masitepe a miyala okhaokha mpaka mawondo kunjenjemera. Pamwamba ndinaona mzinda wonse, doko, ndi Robben Island ili phee pakati pa madzi, pomwe Nelson Mandela anakhala zaka 18 mwa zaka 27 zake za ukaidi. Ndinakhala pamwala nthawi yaitali, ndinalira, ndipo sindichita nazo manyazi.

Nchifukwa chake abale anuwo ine sindikugwirizana nawo, ndipo ndikamalemba chonchi mtima ukuwira. Poyamba ndimati ndiwamvetse, ndinene kuti nawonso ali ndi mfundo poti zinthu zavuta, koma ayi. Ndalamayo mwaponya nokha zaka zitatu, simunabe, simunakongole katapila. Ifeyo tinazolowera kuti Mmalawi akawoloka Limpopo ndiye kuti wapita kukatumikira. Agogo anga anapita pa Wenela kukakumba m'migodi nabwerako ndi njinga, bulangete ndi chifuwa chimene chinawatenga. Ena sanabwerere nkomwe, matchona. Ngakhale ku Cape Town komweko dzina lathu ndi lakale, Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay ndi amene anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU mu 1919 pakati pa anthu onyamula katundu padoko lomwelo, pomwe lero alendo amajambulitsa zithunzi cha ku V&A Waterfront. Zaka zoposa 100 tikunyamula, tikutchetcha kapinga, tikulera ana a eni, tikupukuta matambula. Nde mphunzitsi mmodzi akati ine ndikufuna ndikakhale pampando anditumikireko, tizimuuza kuti akumwaza ndalama? Ayi ndithu. Anthu omwewo mukanawauza kuti mukukaoda mabulangete ndi nsapato bwenzi akukuperekezani pa depoti ndi mndandanda wa zoti muwagulire.

Za vinyozo musade nazo nkhawa ngakhale pang'ono. Ine pano ndimalawako apo ndi apo koma munthu wosamwa ndimamulemekeza, makamaka kumeneko, chifukwa mbiri ya vinyo wa ku Cape si yoyera ngati makoma a nyumba za m'mafamu mwakemo. Vinyo woyamba anafinyidwa mu 1659 nthawi ya Jan van Riebeeck, famu ya Groot Constantia inayamba mu 1685, ndipo amene ankalima ndi kuthyola mphesazo anali akapolo, ena ochokera ku Madagascar ndi ku Mozambique kuno, ena ku India ndi ku zilumba za Indonesia. Ukapolo utatha kunabwera chomwe amati dop, kulipira antchito gawo la malipiro awo ndi vinyo, munthu kumamwetsedwa m'mawa, masana, madzulo kuti asachoke pafamu. Lamulo linaletsa koma mchitidwewo unapitirira zaka zambiri mobisa, ndipo mabala ake m'mabanja a kumeneko alipobe, ndinagwirapo ntchito ndi mnyamata wina wa ku Paarl amene sankafuna ngakhale kununkhiza botolo chifukwa cha zomwe anaona kwa bambo ake. Choncho mukapita ku famu nkunena kuti ine ndipatseni juwisi wa mphesa palibe amene akudabweni. Pitani mukaone mizere ya mphesa itakwera phiri ngati tiyi wa ku Thyolo, mitengo ikuluikulu ya oak, mukakhale pa kapinga mudye buledi ndi tchizi. Ku Franschhoek, komwe kunafikira Afalansa othawa chizunzo cha chipembedzo mu 1688, kuli kasitima kozungulira m'mafamu, mumatsika pomwe mwakonda nkudikira kena. Ngati nthawi yachepa Groot Constantia ili mumzinda momwemo.

Ndipo kunena zoona chakudya chimene ndimachisowa ine si cha m'malesitilanti odula aja. Ndi gatsby. Ndi buledi wamtali ngati mkono, amamung'amba pakati nkuthiramo tchipisi chotentha, soseji kapena nyama, atcha ndi sosi mpaka kudontha, amadula panayi chifukwa munthu mmodzi sangamalize, zinayambira ku Athlone kwa anthu wamba ndipo kakomedwe kake kamandikumbutsa chiwaya cha pa msika madzulo. Ndi snoek, nsomba yaitali ya minga zitalizitali zosavuta kuchotsa, amaiwotcha pamakala ataipaka jamu wa apurikoti, ndinkaona ngati zamisala nsomba ndi jamu mpaka nditalawa. Sifanana ndi chambo, musakaiyerekeze, ili ndi mchere wake ndi mafuta ake. Mukaipeze padoko la Kalk Bay kapena Hout Bay, mudye papepala ndi manja mbalame zikukulondani. Ndiye Lamlungu m'mawa ku Bo-Kaap, kuja kwa nyumba za mitundumitundu komwe kuli mzikiti wa Auwal wa mu 1794, kumakhala ma koesister, tizitumbuwa tofewa ta sinamoni ndi jinja toviika mu shuga nkuwaza kokonati, mudye kakadali kofunda ndi tiyi. Anthu ake ambiri ndi zidzukulu za akapolo omwe aja, nchifukwa chake zakudya zawo zili ndi zokometsera zakum'mawa. Mukatero mupite ku District Six Museum, mukaone zikwangwani za misewu ya dera limene boma la tsankho linalengeza mu 1966 kuti ndi la azungu okha nkusamutsa anthu oposa 60,000. Ndinalowamo kamodzi, ndinatuluka osafuna kulankhula ndi munthu.

Za nyengo

Inu a ku Zomba phiri lokhalo lisakakuopseni, Table Mountain ndi mamita pafupifupi 1,085, lanu lija ndi lalitali kuposa pamenepo. Chodabwitsa nchakuti limadzuka kuchokera m'nyanja penipeni ndipo pamwamba pake mpoti see ngati thebulo. Kuli mphepo ya kum'mwera chakum'mawa, mbale wake wa mwera wathu, imabwera m'chilimwe nkufunditsa phirilo mtambo woyera, ndipo ikakula makina a pachingwe okweza anthu pamwamba pa phirilo, omwe akhalapo kuyambira 1929, amatsekedwa. Nde tsiku loyamba lomwe mwadzuka nkuona kumwamba kuli mbee, siyani zonse mupite kuphiri, musati mawa. Mvula yawo ndi yosemphana ndi yathu, imagwa Juni mpaka Ogasiti kukuzizira. Disembala kumadzaza ndipo malo ogona amakwera mtengo. Ine ndingasankhe Malichi kapena Epulo, cha pa holide ya Pasaka, mphepo yatsika, mphesa akumaliza kukolola. Nyanja yake musakaithamangire ngati ku Mangochi, mbali ya Camps Bay madzi ndi ozizira ngati a mu fuliji ngakhale dzuwa liswe mtengo, ngati mukufuna kuviika miyendo pitani ku Muizenberg, ndipo mukapitirira mpaka Simon's Town pa Boulders pali ma penguin, mbalame za m'nyanja zosauluka, akuyenda pamchenga ngati tiana tovala suti.

Zotsalazo mwachidule. Pasipoti yathu imalowa masiku 30 popanda viza, onani deti lomwe akudindirani ndipo musapyole. Ngati thumba likulola kwerani ndege kuchokera ku Johannesburg, ndi maola awiri, basi idzakudyerani masiku a sabata yanu imodziyo. Gonani cha ku Sea Point, Gardens kapena Observatory, gulani khadi la basi za MyCiTi, usiku itanani Uber osayenda wapansi, foni isamakhale m'manja pamsewu, kuphiri musakwere nokha, umbava ulipo ndipo sindikubisirani. Tikiti ya boti la ku Robben Island gulani pa intaneti masiku angapo zisanachitike. Juzi musaiwale ngakhale kukutentha. Mu lesitilanti muzisiyako 10 peresenti ya bilu, anyamata ndi atsikana aja amadalira imeneyo.

Ndipo mukakhala pa tebulo paja, mvetserani bwino kalankhulidwe ka amene akubweretsereni menyu. Mukamva L ndi R zikusinthana, mufunseni kuti kwanu nkuti. Mwina akuyankhani kuti Mangochi, mwina Mzimba, mwina Nkhata Bay. Mumufunsenso ngati phiri lija analikwerako.